Tinaika jekete m'manda, mwini wake watsika sitima

Abale anga, sabata ino ndikulemba mothamanga, ndipo akonzi akaona zilembo zokhotakhota asaganize kuti ndayamba kumwa. Ndi chimwemwe chabe. Phunziro limene ndinalisiya m'kalasi kalekale, n'kumaliyesa la m'mabuku basi, latsika sitima pa Nkhata Bay litavala suti, ndipo lagona m'khitchini mwanga.

Amene simunafikeko kuno dziwani kuti tsiku la sitima ndi chikondwerero. Ikangolira, isanaoneke n'komwe, msika wonse umasamukira kudoko. Amayi a nthochi, a usipa, a chinangwa chophika, onse ndi liwiro. Makalaliki a paboma amapeza chifukwa chotulukira mu ofesi. Nafenso aphunzitsi, tikakhala kuti tilibe kalasi, timapita kukaona amene wabwera ngakhale sitikudikira munthu.

Ndinali pomwepo m'mawa umenewo. Pakati pa otsika panali mkulu wina wa imvi, wonenepa, wotsimphina mwendo wakumanzere. Suti yakuda, tayi, chipewa, sutikesi yachitsulo, ndi nsapato zonyezimira zoti ntchentche ikanaterereka. Kutentha konse kuja, iye batani lililonse lili chimangire. Anthu a kuno akaona zotere sadabwa. Amadziwa kuti ndi mchona, munthu amene anapita kukagwira ntchito kunja n'kukhalitsa, ndipo nkhondo ya ku Rhodesia yatibwezera ambiri zaka zino.

Anaima akuyang'ana uku ndi uku, womulandira palibe. Kenako anandiyandikira, mwina chifukwa nanenso ndinali ndi tayi.

"Pepani bambo," anatero m'Chichewa chosakanikirana ndi zilankhulo za ku Halale. "Kodi ku Chikale kudakali a kwa Longwe?"

Ndinaseka. Nyumba imene ndimakhala ku Chikale ndi ya Anyalongwe, mayi wamasiye amene khomo lake layang'anizana ndi langa. Ndinati tiyeni, njira ndi imodzi, n'kumunyamulira sutikesi.

Tikukwera chitunda anandiuza kuti dzina lake ndi Simiyoni Longwe, ndipo Anyalongwe ndi mlongo wake wamng'ono, bere limodzi.

Ndinatula sutikesi pansi. Simiyoni Longwe ine ndimamudziwa. Manda ake ndinawaona ndi maso angawa, ali pambali pa a mayi ake, ndipo pamtanda pali dzina lake.

Nkhani yake ku Chikale aliyense amaidziwa. Anapita ku Halale ali mnyamata, dziko lino likadali Nyasaland, n'kukalowa ntchito yoperekera zakudya mu hotela. Tsiku lina lole inamugunda ali panjinga. Mnzake wogona naye chipinda chimodzi, wa kuno komwe, anakamuona kuchipatala ali chikomokere, mutu wonse mabandeji. Mnzakeyo n'kuti atamanga kale katundu wobwerera kumudzi sabata yomweyo. Anaona kuti apa palibenso munthu, anatenga jekete ya Simiyoni, n'kufika nayo kuno pamodzi ndi uthenga wa maliro. Anthu analira, anakhuza, ndipo poti mtembo panalibe anaika jeketeyo m'manda, monga amachitira munthu akamira m'nyanja osapezeka.

Mbali imene Chikale sichinaidziwe ndi yakuti wakufayo anadzuka. Atamva pambuyo pake kuti kwawo anamulira kale, mantha ndi manyazi zinamugwira limodzi.

"Ndinkati ndipita chaka chamawa, ndikagula suti yabwino," anandiuza. "Munthu wouka kwa akufa sangafike ndi kabudula."

Chaka chamawacho chinkangosuntha. Anakwatira komweko, ana sanapatsidwe, mkazi anamwalira, hotela inatseka. Ndiye uyu, nkhalamba, wabwera ndi suti yake.

Tinawapeza Anyalongwe akuyanika chinangwa choviika pathandala. Ndi mayi wamfupi, wolimba, wosataya mawu pachabe. Ife aphunzitsi kuno amatitcha Asambizi.

"Asambizi, mwabwera ndi alendo?"

"Alendo ndi anu, ama."

Mkulu uja anavula chipewa. "Esitere," anatero, "ndine Simiyoni."

Anyalongwe sanakuwe, sanathawe. Anapukuta manja pachitenje, n'kumuzungulira pang'onopang'ono monga amachitira akamagula mbuzi.

"Mchimwene wanga anali wowonda," anatero. "Inu ndinu onenepa. Anali ndi mpata pakati pa mano, inu mano anu ndi ogula. Ankavina malipenga mpaka atsikana kuiwala mitsuko, inu mukutsimphina. Ankaimba kwaya kutchalitchi kwathu, inu ndikuona kolona m'khosi. Chitonga chake chinali chotsekemera, inu mukundilankhula zimene sindikuzimva. Komanso mchimwene wanga tinamuika. Sizingatheke, ada. Pitani bwino."

Anabwerera kuchinangwa chawo.

Mayi a kunyumba kwanga, amene mtima wawo umafewa msanga kuposa wanga, anasesa m'khitchini n'kumuyalira mphasa. Koma masiku ano mlendo wopanda mwini sakhalitsa pamudzi osafunsidwa mafunso. Tsiku lomwelo a tcheyamani a nthambi ya chipani anatumiza mawu, mwaulemu wake, kuti ngati palibe wachibale womuvomera, sitima ikamabwerera kuchokera kumpoto akwere. Ndinamufunsa kuti akakwera akatsikira kuti. Anangoyang'ana chipewa chake. Ku Halale kulibe wake, ndipo kwina kulikonse m'dziko muno sadziwika ndi munthu.

Tsono imvani chimene chinandidumphitsa.

Ndisanakhale mphunzitsi ndinakhalako ku seminale, ndipo mpaka lero mayi a kunyumba akafuna kundiputa amanditcha ansembe a theka. Kumeneko kunali bambo mfumu wina wokalamba amene ankatiphunzitsa kaganizidwe. Masana otentha, ife tikuwodzera, iye ali kalikiliki kutiuza kuti chinthu chilichonse chili ndi phata lake ndiponso zapamwamba zake. Zapamwamba ndi zimene zikhoza kusintha chinthucho n'kukhalabe chomwecho. Phata ndi chimene ukachichotsa, chinthucho sichikhalaponso. Ankatchula mayina ake achilatini, koma sindikusenzetsani amenewo, nanenso anandilemera.

Tengani bwato la msodzi aliyense pa Chikale. Mukhoza kulipaka utoto wofiira. Mukhoza kulimata chigamba cha lata pamene lang'ambika, kuligulitsa ku Usisya, kulipatsa dzina lina. Likhalabe bwato lomwelo. Koma kodi bwato lomwelo likanatha kusemedwa kuchokera ku mtengo wina? Ganizani bwino musanayankhe. Mmisiri akanadula mtengo wina tsiku limenelo, akanasema bwato ndithu, mwina lofanana nalo ngati mapasa. Koma likanakhala bwato lina. Ili ndi la mtengo uwu, ndipo palibe njira yoti likhale ili popanda mtengo umenewu.

Ufa wa kondowole, nsima ya chinangwa ija, ukhoza kuyera kapena kuda, kusalala kapena kukhala wamisere. Koma sungachokere ku chimanga.

Nanga ine? Ndikanatha kukhala wansembe. Ndikanatha kutumizidwa ku Nsanje m'malo mwa kuno. Ndikanatha kusakwatira, ngakhale nditanena zimenezi patebulo mayi a kunyumba anandiyang'ana diso loti ndiwo ndinazimva kuwawa. Zonsezi zinachitika mmene zinachitikiramo, koma zikanatha kuchitika mwina, ine n'kukhalabe ine. Koma kodi ndikanatha kubadwa kwa mayi wina ndi bambo wina? Ayi ndithu. Mwana wa anthu enawo, ngakhale akanamupatsa dzina langa, n'kumuphunzitsa sukulu zanga, n'kumuveka tayi yangayi, akanakhala munthu wina. Ine sindikanakhalapo.

Mwaona tsono chimene ndinaona? Zonse zimene Anyalongwe anawerenga pathandala paja, thupi, mano, mwendo, mpingo, chilankhulo, ndi zapamwamba zokhazokha. Munthu akhoza kutaya zonsezo n'kukhalabe mwana wa mayi ake. Ngakhale manda aja sanena kanthu, muli jekete. Funso linali limodzi lokha: kodi mkuluyu anatuluka m'mimba imene munatuluka Anyalongwe? Ngati inde, palibe lole, palibe hotela, palibe maliro amene angafafanize zimenezo.

Ndinazungulira nyumba ndikulankhula ndekha, mpaka nkhuku zinandipatukira.

Ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikambirane, inu ndi ine, chifukwa mawu akuti sizingatheke tawazolowera kwambiri. Timawatulutsa msanga kuposa moni.

Zosatheka zenizeni zilipo, sindikukana. Mwana sangakhale wamkulu kuposa mayi womubereka. Bwato limodzi silingakhale pa Chikale ndi pa Likoma nthawi imodzi. Ziwiri kuphatikiza ziwiri sizingakhale zisanu, ngakhale ana anga a folomu wanu amayesetsa chaka ndi chaka. Zimenezi sizidikira chilolezo cha munthu, ndipo sizidzasintha mawa.

Koma zambiri zimene timati sizingatheke si za mtundu umenewu. Ndi zimene sitinazionepo basi. Nditangofika kuno kuchokera kwathu ku Ntcheu, asodzi anandiuza akuseka kuti Mngoni sangakhale pabwato, ati miyendo yathu inapangidwira mapiri. Ndinagwa m'madzi kangapo, ndinamwa nyanja yokwanira, koma lero ndimapalasa mpaka kuseri kwa miyala. Nanenso ndinabwera ndi zanga. Ndinkati Mtonga ndi suti, ukamuvula suti watha. Ndapeza Atonga ovala zigamba amene ulemu wawo ukuposa wa ife a matayi.

Kusukulu ndiye kumene matendawa anamanga nyumba. Mwana akalephera masamu teremu imodzi, ife m'chipinda cha aphunzitsi tagamula kale: ameneyu ndi mbuli, sangakhoze. Tatenga chinthu chapamwamba, chimene mwina chabwera ndi malungo kapena njala ya m'mawa, n'kuchisandutsa phata la mwanayo. Mnyamata akaba kamodzi, ndiye kuti ndi wakuba mpaka imvi. Mkazi akachedwa kubereka, mudzi wamaliza kale nkhani yake. Kodi anatiuza ndani kuti chimene munthu ali lero ndicho chimene sangaleke kukhala?

Palinso zina zimene timati sizingatheke pamene mumtima tikunena kuti sindikufuna zitheke. Izi ndinazimvetsa mochedwerapo, ndipo ndifikako.

M'mawa mwake ndinapita kwa Anyalongwe ndi phunziro langa lonse, bwato, ufa ndi zina zotero. Anandimvetsera akusinja, munsi osaima.

"Asambizi, zonsezo ndamva," anatero. "Tinene kuti mano ndi mwendo sizinena kanthu. Nanga mimba ya ama ndikaione kuti? Ama anagona kalekale."

Ndinatsala pang'ono kuwagwira chanza, chifukwa limenelo ndilo linali phunziro lotsatira la bambo mfumu uja. Chimene chimapangitsa chinthu kukhala chomwe chili n'china, ndipo njira imene ife timachidziwira n'inanso. Phata silioneka ndi maso. Timalifika podzera m'zizindikiro, ndipo zizindikiro zimatha kunama kapena kusowa.

Tinagwirizana kuti amufunse za kale. Anakhala pakhonde panga, Anyalongwe pamphasa, mkulu uja pampando, suti ili chimangire.

"Galu wa ada anali ndani dzina lake?" anafunsa Anyalongwe, akunena za bambo awo.

Mkulu uja anakanda pamutu. Sanakumbuke.

"Tsiku limene munkapita, ama anakuphikirani chiyani cha panjira?"

Anatseka maso nthawi yaitali. "Esitere, lole ija inanditengera zambiri," anatero. "Nkhope ya ama ndimaiona. Nyumba ndimaiona, inali ndi mtengo wa mango kumbuyo. Zinazo muli mdima."

"Nyumba iliyonse ku Chikale ili ndi mango kumbuyo," anatero Anyalongwe. Anaimirira n'kukutumula chitenje. "Mwina ndi iye, mwina si iye. Ine wa mwina sindingamulowetse m'nyumba ya ama."

Mtima wanga unagwa, koma mutu wanga, wopanda khalidwewu, unadumphanso. Taonani, ngakhale chikumbukiro cha zakale ndi chapamwamba. Munthu akhoza kuiwala galu wa bambo ake, dzina lake lomwe, osaleka kukhala mwana wa m'nyumbamo. Komanso kukayika kwa Anyalongwe sikunali ngati kukayika kwa mvula ya mawa, imene ikhoza kugwa kapena kusagwa. Kunali ngati kwa msodzi amene sanavuule mono wake. Nsomba ilimo kale kapena mulibe, nkhani inatha, chatsala n'chakuti iye sanaone. Ngati mkuluyu ndi Simiyoni, ndiye kuti sangakhale wina aliyense, ngakhale Chikale chonse chitakana.

Ndinayamba kuwafotokozera zimenezi mayi a kunyumba, manja ali m'mwamba.

"Ansembe a theka," anatero, "inu mukuvina, mnzanu akukwera sitima. Khalani pansi ndikuuzeni."

Iwo ndi Anyalongwe amatunga madzi limodzi, ndipo kumeneko n'kumene zoona zimatuluka. Ati mayi a Simiyoni analira mwana wawo zaka zonse mpaka maso anachita khungu, ndipo amene ankawagwira dzanja kupita nawo kumanda a jekete anali Esitere. Pomwalira anapempha kuti awaike pambali pa mwana wawo. Ndiye Anyalongwe anawauza mayi a kunyumba kuti, "Ngati ndi iye, ndiye kuti ama analira pachabe, iye ali kunyamula mbale mu hotela. Bola akhale wabodza."

Ndinakhala pansi ndithu. Sizingatheke wawo uja sanali wa mano kapena wa mwendo. Unali ukali ndi chisoni, ndipo ine sindikanawadzudzula.

Pali kanthu kena kamene tonse tinkakaona osakaganizira. Masiku onsewa mkulu uja sanavulepo nsapato pamaso pa munthu. M'mawa timamupeza atavala kale, atazipukuta. Mayi a kunyumba akamupatsa madzi osamba, amalowa nawo kubafa nsapato zili kuphazi, n'kutulukanso zili kuphazi. Mumchenga wa Chikale, mmene ngakhale abusa amayenda chosavala nsapato, iye ankaphwanyaphwanya ndi nsapato zake. Nditamufunsa anandiyankha mwachidule: mchona wobwera chosavala nsapato ndiye kuti anapitiranji kunja? Anthu a kuno akumvetsa zimenezi popanda kuwamasulira.

Tsiku lobwerera sitima linafika. Inalira ili kutali, ndipo Chikale chonse chinayamba kukhamukira kudoko. Mkulu uja anawathokoza mayi a kunyumba, anavala chipewa, ine n'kunyamula sutikesi. Pakhomo pa Anyalongwe chitseko chinali chotseka. Anaima pang'ono, n'kupitirira.

Njira yochokera ku Chikale ndi ya miyala ndi zitunda. Tisanafike pakati, kutsimphina kuja kunasanduka kukwawa. Pamthunzi wina anandipempha kuti nditule sutikesi, n'kukhalapo. Thukuta linali litanyowetsa kolala yonse.

"Nsapatozi ndinagula ku Limbe pobwera," anatero. "N'zazing'ono, koma zonyezimira zinali zokhazi. Ndinkafuna Esitere aone kuti sindinapite pachabe." Anapumira m'mwamba. "Asambizi, palibenso woti andione."

Anamasula zingwe, anavula nsapato, anavula masokosi, n'kutambasula mapazi ake otupa pafumbi.

Nthawi yomweyo kumbuyo kwathu kunatulukira Anyalongwe, beseni la ufa wa chinangwa lili pamutu, akuthamangira kukagulitsa kwa anthu a sitima. Atationa anaumitsa nkhope. Ndinaona kuti atsimikiza kudutsa osanena kanthu. Koma njirayo ndi yopapatiza, ndipo mayi woleredwa bwino kuno sadutsa mwamuna wachikulire amene wakhala pansi ali chiimire, maso ali patsogolo. Amawerama pang'ono n'kugwetsa maso pansi. Ngakhale atakwiya chotani, thupi limachita lokha.

Anawerama. Anagwetsa maso. Ndipo anaima pomwepo.

Ine ndinatsatira maso awo. Pa phazi lililonse la mkulu uja, chala chachiwiri chinakwera pamwamba pa chala chachikulu, ngati mwana woberekedwa kumsana.

Anyalongwe anatula beseni pang'onopang'ono. Anakweza chitenje pang'ono, n'kuika phazi lawo losavala pambali pa lake. Chala chachiwiri pamwamba pa chachikulu. Anaika linalo. Chimodzimodzi. Zaka zonse ndakhala nawo moyandikana sindinayang'anepo mapazi awo, nanga munthu umayang'aniranji mapazi a eni nyumba?

"Mapazi a ama," anatero chapansipansi.

Anthu opita kudoko anayamba kuima.

"Simiyoni," anatero, ulemu wa inu uja atautaya. "Ama analira mpaka maso anafa. Unali kuti?"

"Ndinkaopa, Esitere."

"Unkaopa. Chitsiru cha munthu."

Anamumenya kachibakera paphewa, kamodzi, kawiri, akulira. Iye sanatchinge. Kenako Anyalongwe anawerama, anatapa ufa m'beseni ndi manja awiri, n'kumuthira kumutu, monga timachitira munthu akapulumuka pa mlandu kapena pa imfa. Anatapanso. Chipewa, tayi, suti yakuda ija ya zaka zonse zodikira, zonse mbuu. Mayi wina amene anaima pafupi anayamba nthungululu, ena n'kulandira, ndipo posakhalitsa njira yonse inatsekeka. Ufa wogulitsa uja unathera pa Simiyoni, wina pa ine. Ndinafika kusukulu mochedwa ndili woyera ngati mzukwa, ndikuseka ndekha, ndipo ana anaganiza kuti aphunzitsi awo zawasokonekera.

Sitima inalira kachiwiri n'kunyamuka yopanda iye. A tcheyamani atamva anabwera okha kudzamugwira chanza.

Tsono musanditengere molakwa, abale anga. Sindikunena kuti phata la munthu ndi zala za kuphazi. Zala nazonso n'zapamwamba, chizindikiro chabe cholozera kumene munthu anachokera. Ndipo apa ndi pamene chimwemwe changa chimasanduka mantha ndikaganiza. Lole ija inaphwanya mwendo. Ikanatha kudula mapazi onse awiri, zinali zotheka ndithu. Nsapato zija zikanatha kukhala zomukwana bwino. Anyalongwe akanatha kudzera njira ya kumtunda. Chimodzi mwa izi chikanachitika, bwenzi mkulu uja ali pasitima lero, wopanda kotsikira, ife tikuuzana kuti tinachita bwino kuthamangitsa wabodza. Ndipo akanakhalabe Simiyoni, mwana wa mayi ake, monga momwe alili leromu. Kulakwa kwathu sikukanasintha kanthu pa chimene iye ali. Kukanangomupha ali yekha.

Dzulo tinamuperekeza kumanda. Anapita chosavala nsapato, atavala malaya obwereka kwa ine, chifukwa suti ikadali pachingwe. Anagwada pa manda a mayi ake nthawi yaitali, ndipo zimene ananena kumeneko si zanga kuti ndilembe. Atadzuka anayang'ana mtanda wa pambali pake, wa dzina lake. Wina anati auzule, ndi tsoka munthu wamoyo kukhala ndi manda.

"Usiyeni," anatero Simiyoni. "Malowa ama anandisungira. Jekete ingondigwirira kaye."

Anyalongwe anamuyang'ana cham'mbali. "Ukafulumira kupitako ndidzakumenyanso," anatero, n'kumugwira dzanja potsika chitunda, chifukwa miyala ya kumeneko ndi yoterera.

Nsapato zija zili pakhonde panga, palibe akuzifuna. Ndikamadutsa ndimaziyang'ana n'kuganiza za mwana wina wa m'kalasi mwanga amene tonse tinagamula kale kuti sangakhoze. Lolemba ndikamuitana tikhale pansi.

Nanga inu, amene munamuika kale m'manda akadali moyo, uja mumati sangasinthe, sangabwerere, si wathunso, munayamba mwawerama n'kuyang'ana bwinobwino, kapena munangoona nsapato?